Zidutswa za Fengyun Zikadali Kumwamba

Dziko la China likamatumiza anthu ku siteshoni yake ya mumlengalenga ya Tiangong, kapena kubweretsa dothi la kuseri kwa mwezi monga linachitira mu 2024, ine mtima sugunda. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi cha pa 11 Januwale 2007, pamene linaphwanya ndi mzinga setilaiti yake yakale ya zanyengo, Fengyun-1C. Zidutswa zoposa 3,000 zinamwazikana, ndipo zambiri zikuzungulirabe m'njira za masetilaiti otichenjeza za namondwe. Inde, America inaphwanyanso yake mu 2008, India mu 2019, koma kumeneko aphungu ndi atolankhani amatha kulipanikiza boma poyera. Ku Beijing angayerekeze ndani? Boma la China linangoti zii masiku 12 lisanavomere kuti laphwanya setilaitiyo. Mayeso otere aletsedwe kwa onse, ndipo China iyambe ndiyo kusaina pangano lowaletsa.