Wochedwa Kulembetsa Mfuti Asaibise

Lamulo la mfuti la dziko lino, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, silibisa mawu. Munthu aliyense wosunga mfuti ayenera kuilembetsa ku Polisi ndi kukhala ndi chiphaso cholembedwa m'dzina lake, ndipo chiphasocho chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Komabe m'boma la Balaka, monganso m'maboma ena, alipo anthu amene nthaŵi inawapitirira, ndipo lero akhala chete ndi mfuti zawo kudenga kapena pansi pa mphasa. Ife tikuti kuchedwa n'kulakwa, koma kubisa n'kulakwa koposa.

Nkhaŵa za eni mfuti ndi zomveka. Wina anasiyiridwa gogodela kapena mfuti ya zipolopolo zomwazika ndi malemu bambo ake kapena malume ake, naganiza kuti chiphaso cha malemuwo chikugwirabe ntchito. Wina ali ku Phalula kapena ku Utale, ndipo ulendo wa ku Polisi umamdyera ndalama ndi tsiku lathunthu la kumunda. Mlimi wa ku Ulongwe, amene munda wake uli pafupi ndi nkhalango ya Liwonde, amafunsa kuti akamlanda mfuti adzaingitsa ndi chiyani anyani ndi nguluŵe. Ambiri amangoopa kuti akakaonekera ndi pepala lakale adzagona m'chitokosi.

Koma tiyeni tikumbukire chifukwa chimene Boma limafunira kaundula wa mfuti. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 ndi kutha mu 1992, inabweretsa kuno abale athu othaŵa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo pa zaka zimenezo mfuti zankhondo za mtundu wa AK-47 zinadutsanso malire. Boma la Machinga, limene Balaka anali mbali yake kufikira 1998, limachita malire ndi dziko limenelo. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida za a Young Pioneers, koma si mfuti zonse zimene zinabwezedwa. N'chifukwa chake atsogoleri a maiko a SADC, pamsonkhano wa ku Blantyre mu 2001, anasayina pangano loti mfuti za anthu wamba zizilembedwa ndi kulondolozedwa. Mfuti yolembedwa ikabedwa, a Polisi amadziŵa nambala yake ndi mwini wake. Mfuti yobisidwa ikabedwa, mwini wake sangakadandaule n'komwe, ndipo tsiku lina idzalira m'manja mwa chigaŵenga pamsewu kapena m'manja mwa wopha nyama mozemba. Kuyambira 2017, milandu ikuluikulu yokhudza nyama zotetezedwa ikhoza kumanga munthu zaka 30.

Tsono kwa wochedwa malangizo athu ndi aŵa: pitani nokha ku Polisi ndi mapepala onse amene muli nawo, ngakhale akale, mukafotokoze zoona. Sitikulonjeza kuti mlandu palibe, pakuti lamulo ndi lamulo, komanso si aliyense wopempha chiphaso amene amapatsidwa. Koma munthu wodzipereka yekha safanana ndi wogwidwa pa chipikisheni. Akuluakulu anati safunsa adadya phula.

Kwa akuluakulu a Boma tikuti udindo wanu ndi waukulu kuposa wa mlimi. Munthu wobwera yekha mlandireni mwaulemu, mumuuze ndalama zoyenera, mumpatse lisiti, ndipo musamyendetse katatu pa ntchito ya tsiku limodzi. Mmodzi akalalatiridwa pa ofesi, anzake khumi amene amamvetsera kumudzi adzakumba maenje n'kukwirira mfuti zawo. Tikupemphanso a Polisi kuti, mogwirizana ndi mafumu, azipatula masiku ofikira anthu m'misika ya kutali. Ndipo mafumu, pogaŵa chuma cha masiye, akumbutse anamfedwa kuti mfuti sigaŵidwa ngati khasu kapena njinga.

Aphunzitsi nanunso muli ndi gawo. Inu ndi amene mumaŵerengera makolo makalata ndi kulankhula pa misonkhano ya sukulu. Fotokozani lamuloli m'mawu osavuta, ndipo chenjezani ana kuti chida chilichonse chimene angachipeze m'nyumba kapena m'tchire asachigwire, koma akanene kwa akulu.

Mtendere ndi bata zimene Amalaŵi timanyadira sizisungidwa ndi a Polisi okha. Amene muli ndi mfuti yopanda chiphaso, musadikire kuti akupezeni. Nyamukani sabata ino.