Diresi limawoloka boda, dzina la wosoka limatsala

Amalonda anzanga ndi madalaivala, lero tikambirane za kansalu kakang'ono kosokedwa kukhosi kwa chovala, kaja timati lebulo. Ine ndikuti chovala chosokedwa ndi mayi wa kwathu chisamakwere basi kapena thiraki chopanda dzina lake.

Kuno ku Cape Town zovala za chitenje zimayenda malonda. Pa Greenmarket Square alendo akunja amagula madiresi, masiketi ndi zikwama, ndipo pa zinkhoswe za Amalawi aliyense amafuna kutchena chakwathu. Zambiri mwa zovala zimene ife timanyamula amasoka ndi amayi a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Zolozolo. Amayiwa amaganiza okha sitayilo, kusankha nsalu, kudula ndi kusoka. Kumayiko ena munthu wotere amatchuka ndi dzina lake, koma ife timangoti "telala wanga". Komanso abambo amasokera pakhonde la sitolo pomwe aliyense amawaona, pamene amayi ambiri amasokera m'nyumba, uku akuyang'anira ana. Ngati ife sitiwatchula, palibe angawadziwe.

Vutoli si la kwathu kokha. Mzinda uno unakula ndi mafakitale a zovala ku Salt River ndi Woodstock, monga Rex Trueform, ndipo ambiri okhala pa mashini anali amayi osakhala azungu. Pa chovala pankalembedwa dzina la kampani basi. Malo amodzi amene amayiwa amaonekera ndi mpikisano wa Spring Queen wa bungwe lawo la SACTWU. Ku America nakonso, diresi la ukwati limene Jacqueline Bouvier anavala pokwatiwa ndi John F. Kennedy mu 1953 anakonza ndi mayi wakuda, Ann Lowe. Diresilo linatchuka dziko lonse, koma mwini luso anthu ambiri anadzamudziwa patapita zaka.

Tsopano taonani amene mayina awo anamveka. Palesa Mokubung wa Mantsho anakhala woyamba mu Africa kutulutsa zovala pamodzi ndi H&M mu 2019. Sindiso Khumalo, yemwe amagwirira ntchito konkuno ku Cape Town, anali mmodzi mwa amene anagawana mphoto ya LVMH mu 2020. Kwathu timamva za Lilly Alfonso. Luso ali nalo ndithu, koma onsewa anafika patali chifukwa wogula akakonda chovala ankadziwa mwini wake ndipo ankatha kubwereranso. Mayi wopanda lebulo, ngakhale asoke bwino chotani, diresi lililonse amayambira pansi ngati wachilendo.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza: ndikatchula dzina la wosoka, kasitomala andilambalala n'kumaoda yekha. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti tonse tikufuna ya ufa. Koma kasitomala wa ku Bellville akaoda yekha diresi ku Blantyre, adzalidutsitsa bwanji pa Mwanza, ku Tete, pa Nyamapanda mpaka pa Beitbridge? Adzatumiza bwanji ndalama kwa munthu amene sanamuonepo? Msewu ndi chikhulupiriro zili m'manja mwathu. Chofunika ndi kugwirizana ndi mayiyo poyamba kuti maoda onse a kuno azidzera kwa inu, ndipo pa lebulo pakhale dzina lake ndi nambala yanu.

Phindu lake lifikanso m'thumba mwanu. Chovala chopanda dzina kasitomala amachiyerekeza ndi cha mu shopu ya Matchaina, n'kuyamba kunenerera mtengo mpaka mwatsala ndi ya thiransipoti yokha. Chikakhala ndi dzina mumatha kunena molimba mtima kuti ichi n'cha mayi uje, sitayilo yake ndi yakeyake, simuipeza pena. Akachikonda adzabweranso ndi mnzake, ndipo adzabwera kwa inu.

Zochita zake si zovuta. Malebulo amadindidwa ambiri nthawi imodzi, choncho mutha kugawana mtengo ndi wosokayo. Mukaika chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, lembani kuti wasoka ndani. Pemphani risiti ya dzina lake, idzakuthandizaninso pa boda akafunsa mtengo wa katundu. Ndipo tisiye khalidwe lojambula diresi la mayi wina n'kukapatsa telala wotchipa kuti akopere. Kumeneko n'kuba, chimodzimodzi munthu kukolola m'munda umene sanalime. Inu madalaivala, mukanyamula katundu wotere, makasitomala akakufunsani kuti wachokera kwa yani, nenani zoona.

Enafe tili ndi mayi, mlongo kapena mlamu amene akuphunzitsa ana sukulu ndi mashini a mwendo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Dzina la mayiyo likamveka ku Cape Town maoda achuluka, alemba atsikana ena ntchito, ndipo wonyamula katundu yenseyo ndi ife tomwe. Ulendo ukubwerawu, musanamange chikwama, tembenuzani khosi la diresi lililonse muone ngati dzina lilipo.