Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Za Ogula Zida za Makompyuta

Gawo lachitatu

M'gawo lapita lija tidakambirana za m'mene kompyuta idachokera m'zipinda zikuluzikulu za maboma ndi masukulu aukachenjede n'kudzafika patebulo la munthu wamba. Lero ndifuna kuti tione mtundu wina wa anthu umene wabadwa chifukwa cha ulendo umenewo. Anthuwa sagula kompyuta yathunthu m'sitolo monga m'mene ife timagulira wailesi ayi. Iwo amagula chida chimodzichimodzi nalumikiza okha kunyumba, ndipo pakangopita miyezi yowerengeka amachotsamo china n'kuikamo chatsopano. Ambiri a iwo ali ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, ngakhale kuti ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Lusaka nakonso aliko ochepa. Wina angafunse kuti, nanga ife aphunzitsi ndi achinyamata amene angotsiriza kumene sukulu, zimenezi zikutikhudza pati? Zikutikhudza pawiri. Zimene iwo akulimbirana lero ndizo zimakweza mitengo ya makina amene ife tikufuna, ndipo zimene iwo ataya mawa ndizo zimadzafika pamsika wathu.

Tiyambe ndi chida chimene anthuwa amachikonda koposa zonse, chimene eni ake amachitcha graphics card. Ntchito yake ndi kuwerengera mtundu ndi kuwala kwa kadontho kalikonse ka pa sikirini, kambirimbiri pa sekondi imodzi, kuti zithunzi za m'masewero a pakompyuta zizioneka ngati zamoyo. Pa 17 September 2020 kampani ya Nvidia ya ku America idatulutsa chida choterechi chotchedwa RTX 3080, pa mtengo wa madola 699. M'mphindi zowerengeka masitolo a pa intaneti adali atauma. Zifukwa zake zidali zingapo. Mliri wa Covid-19 udatsekera anthu m'nyumba, ndipo aliyense adafuna makina ogwirira ntchito, ophunzirira kapena ochezera. Mavenda ena ochenjera adapanga mapulogalamu amene ankagula katundu mofulumira kuposa dzanja la munthu, kuti akagulitsenso pamtengo woboola m'thumba. Padalinso anthu opanga ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum, amene ankagula zidazi makumimakumi n'kuziyendetsa usana ndi usiku. Pamwamba pa zonsezi, mafakitale amene angathe kupanga timachipi tapamwamba totere ndi ochepa, ambiri ali ku Taiwan ndi ku South Korea, ndipo kumanga fakitale yatsopano kumatenga zaka. M'chaka cha 2021 kudali anthu amene adalipira kupitirira kawiri mtengo woikidwa uja, ena atagona panja pa sitolo usiku wonse.

Tsono taonani m'mene zidathera. Pa 15 September 2022 eni ake a Ethereum adasintha kayendetsedwe ka ndalama yawo kotero kuti zida zija sizidafunikenso pa ntchitoyo. Amene adazikundika adayamba kuzigulitsa mopikisana, ndipo mitengo idagwa. Munthu amene adadikira adapeza chida chomwecho pa mtengo wotsika, pamene mnzake wa phuma uja adatsala ndi ngongole. Akuluakulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi anthuwa adaphunzirapo kanthu? Ndikukayika. M'mwezi wa October 2022 kudatuluka RTX 4090 pa madola 1,599, ndipo m'mwezi wa January 2025 kudatuluka RTX 5090 pa madola 1,999. Pa mtengo wa dola wa ku banki wa nthawi imeneyo, ndalamazi zidali pafupifupi K3.5 miliyoni, tisanaikepo msonkho ndi zolipira potumiza. Kumbukirani kuti chimenechi si kompyuta yathunthu, koma chiwalo chimodzi chabe. Chidachi pachokha chikamagwira ntchito mwamphamvu chimadya magetsi okwana mawati 575, ndiko kuti mofanana ndi mababu 57 a mawati 10 atayaka nthawi imodzi, pamene chaja ya laputopu wamba imafuna mawati 45 kapena 65 basi. Komabe nachonso chidatha m'masitolo tsiku lomwe chidatuluka.

Chilakolakochi sichithera m'kati mwa makina mokha. Pali ena amene mtima wawo uli pa kiyibodi. Amasankha mabatani malinga ndi kulira kwake ndi kufewa kwake pachala, amawadzoza mafuta limodzilimodzi, ndipo amatha kulipiriratu ndalama n'kudikira miyezi yambiri kuti katunduyo apangidwe. Ena ali pa sikirini: amene ali ndi yosintha chithunzi ka 144 pa sekondi amasirira ya 240, ndipo wa 240 amasirira ya 360, chonsecho kanema wa m'nyumba zoonetsera mafilimu amayenda pa zithunzi 24 zokha pa sekondi. Enanso amayeza kulemera kwa mausi ngati akuyeza golide, ndipo amakongoletsa makina awo ndi nyali za mitundumitundu zimene siziwonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Chodabwitsa n'chakuti pakati pa anthu omwewa kiyibodi yotamandika kwambiri ndi Model M ya kampani ya IBM, imene idayamba kupangidwa cha m'ma 1985, ndipo zina mwa zoyambazo zikugwirabe ntchito kufikira lero. Motero iwo eni akuchitira umboni kuti chinthu chopangidwa bwino sichikalamba msanga monga m'mene otsatsa malonda amanenera.

Sindifuna kuti awerengi aganize kuti ndikunyoza anthu amenewa, pakuti kutero kungakhale kupanda chilungamo. Munthu amene walumikiza yekha kompyuta amadziwa chimene chiwalo chirichonse chimachita, ndipo makina akadwala sathamangira kukawataya. Ambiri mwa amisiri ndi akatswiri a lero adayamba motero. Ndiponso ndalama zawo zidabala chinthu chimene iwo sadachiyembekezere. M'chaka cha 2012 Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi mphunzitsi wawo Geoffrey Hinton a ku University of Toronto adaphunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu za m'zithunzi, napambana mpikisano waukulu. Pa ntchitoyo adagwiritsa zida ziwiri zokha za mtundu wa GTX 580, zimene zidapangidwira anthu a masewero. Kuchokera pamenepo idakula nzeru ya makina imene lero tikuitcha AI. Koma walira mvula walira matope. Makampani a AI tsopano amagula timachipi tochuluka kotero kuti kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM, chida chimene kompyuta iriyonse imasungiramo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo, idakwera kwambiri, ndipo kukwera kumeneko sikusankha kuti uyu ndi wa masewero, uyu ndi mwana wa sukulu.

Dandaulo langa tsono liri pa khalidwe la kagulidwe, limene lawoloka nyanja kudzera m'makanema a pafoni n'kudzalowa m'mitima ya ana athu. Tsiku ndi tsiku mnyamata amaonera munthu wa kutali akumasula bokosi la chida chatsopano, akuchitamanda, akunena kuti cha chaka chatha chija tsopano n'chachikale. Kawirikawiri wotamandayo chidacho wachita kupatsidwa ndi kampani, ndipo kutamandako ndiyo ntchito imene imamudyetsa. Mwana woonerayo amayamba kuyeza kompyuta ndi dzina, ndi maonekedwe, ndi manambala akuluakulu, mmalo moiyeza ndi ntchito imene iye mwini ali nayo.

Ndidaziona ndi maso anga. Mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa mu Fomu 4 adapeza malo ophunzira za kawerengedwe ka chuma, ndipo bambo ake adagulitsa soya wa chaka chonse kuti amugulire laputopu. Atapita m'tauni adakapeza yakale ya masewero, yaikulu, yoyaka nyali zofiira pansi pa mabatani, ndipo adapereka ndalama zonse osafunsa munthu. Patapita milungu itatu adabwera nayo kwa ine. "Aphunzitsi," iye adatero, "magetsi akangozima nayonso imazima, ndipo sola ya kunyumba ikulephera kuiyendetsa." Titaitsegula tidapeza batire itatupa, fumbi litatseka potulukira mpweya, ndipo wogulitsa uja adali atasowa. Ndidamufunsa kuti, "Kodi mwana wanga, ntchito imene unkafuna kugwira pa makinawa ndi yotani?" Adayankha kuti kulemba, kuwerengetsa masamu ndi kuwerenga mabuku. Ntchito zimenezo laputopu ya mu ofesi, yopepuka ndi yodya magetsi ochepa, ikadazigwira bwino lomwe, ndipo ndalama zikadatsalako zolipirira sukulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa munthu wa ku America kulakwitsa kotere ndi nkhani yoseka ndi anzake. Kwa ife ndi thukuta la banja lonse. Makina onsewa amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Magetsi athu nawonso ali ndi nyengo zawo: tonse tikukumbukira mdima umene udatigwera namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Munthu wogula makina kuno ayenera kuganiza za zinthu zimene wotamanda wa pa kanema uja sadaziganizepo n'kamodzi komwe.

Pali chinanso chimene aliyense wofuna kugula kompyuta ya kaunjika ayenera kuchidziwa. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idaleka kupereka chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10. Windows 11 imafuna kachida kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa yatsopanoko, kotero kuti makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2017 savomerezedwa, ngakhale ali amoyo ndithu. Makina otere maofesi a kunja amawachotsa, ndipo ena mwa iwo amathera m'misika ya mu Africa muno. Pamenepa pali mwayi ndi msampha. Mwayi wake ndi wakuti makina olimba amapezeka motchipa, ndipo akaikidwa Linux, pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991, angathe kutumikira wophunzira zaka zingapo. Msampha wake ndi wakuti pamodzi ndi abwinowo pamabweranso zinyalala. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 lidasonyeza kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zida zamagetsi, ndipo zimene zidasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera sizidafike ndi gawo limodzi mwa magawo anayi lomwe. Tikapanda kuchenjera, dzala la anthu ena lidzakhala pakhomo pathu, ndipo tidzachita kuligula ndi ndalama zathu.

Nanga tichitenji? Kwa inu achinyamata, langizo langa ndi ili. Musanagwire ndalama, lembani papepala ntchito zitatu zimene mukufuna kuti makinawo akugwirireni, ndipo pepalalo likhale mtsogoleri wanu m'sitolo. Pitani ndi munthu wodziwa, pakuti safunsa adadya phula. Zulani chaja muone ngati batire ikukhalitsa. Dinani batani lirilonse. Funsani ngati m'kati muli SSD kapena hard disk yakale yozungulira, chifukwa kuika SSD m'makina akale kumawafulumizitsa kwambiri pa mtengo wochepa. Pa ntchito za sukulu RAM ya magigabaiti 8 ndi yokwanira kuyambira. Ndalama zotsala mugulire kachida koteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo zina musungire batire ya mtsogolo. Nyali zokongola zija zisiyeni kwa amene ali ndi ndalama zoseweretsa.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, ndikupemphani kuti titengere kwa anthu aja chinthu chabwino chimene ali nacho, ndicho chidwi chofuna kudziwa za m'kati, ndipo tisiye choipacho, ndicho njala ya chatsopano. M'masukulu ambiri muli makompyuta akufa amene adaunjikidwa pakona, atafundidwa nsalu. Atsegulenitu pamaso pa ana. Aloleni agwire purosesa, achotse RAM n'kuibwezera, aone m'mene makina awiri akufa angatulutsire amodzi amoyo. Ku Cambridge, Eben Upton ndi anzake adadandaula kuti ana akungogwiritsa makina osawamvetsa, ndipo mu 2012 adatulutsa kakompyuta kokwana m'dzanja kotchedwa Raspberry Pi, pa madola 35 okha, kuti mwana asaope kukayesa ngakhale kukaononga. Ngati dziko lolemera lidaona kuti luso limeneli n'lofunika, kuli bwanji ife amene chida chirichonse timachigula ndi dola yosowa? Mnyamata kapena mtsikana wotuluka sukulu akudziwa kukonza laputopu sadzasowa chochita, pakuti makina a kaunjika akuchulukirachulukira, ndipo onsewo adzafuna dzanja la mmisiri.

Pusi uja adagwa chagada chifukwa chipatso chirichonse chimene adachiona chidamukomera kuposa chimene chidali m'manja mwake. Mnyamata wanga uja adagulitsa laputopu yake pa mtengo wotsika, nagula ina yaing'ono imene tidaiikira SSD limodzi patebulo langa, ndipo ndi imene akulembera mayeso ake kufikira tsopano. M'gawo likudzali tidzaona za foni ya m'manja, ndipo tidzafunsa ngati ingathe kulowa m'malo mwa kompyuta pa maphunziro a mwana wa kumudzi.