Za Ana Athu Ophunzira Mapangano a Maiko

Kuno ku Zingwangwa, patsinde pa phiri la Soche, ndi m'midzi yambiri kumene masamba ano awerengedwa, mwabuka mau amene sitingathe kukhala nao chete. Mwana akatsiriza sukulu yaikulu ya ku Zomba, nanena kuti afuna kuonjeza zaka zina kufufuza mapangano amene maiko onga China, India ndi Brazil achita ndi maiko osauka pa chuma cha m'nthaka, akulu ena apukusa mitu, nati, "Maphunziro otere ndi a anthu okhuta, akadakhala dokotala kapena wowerengera ndalama tikadaona phindu lake." Ife tikana mau amenewa, ndipo tifuna kuonetsa chifukwa chake.

Tiyambe ndi nthaka imene tikhalapo. M'zaka zoyandikira 1890 Azungu onga Eugene Sharrer ndi John Buchanan anatenga malo aakulu m'mapiri ano posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mafumu anaika zizindikiro pa makalata amene sanathe kuwerenga, ndipo kuyambira 1892 Harry Johnston anatsimikiza malowo ndi zikalata za boma. Zidzukulu za eni dziko zinagwira thangata pa minda ya makolo ao. Makolowo sanali opusa ayi. Chimene anasowa ndiye munthu wao wodziwa kuwerenga pangano ndi kuona kumene lidzathera.

Lero alendo ndi ena, ndipo sabwera ndi mikanda. Mu Disembala 2007 boma lathu linasiya ubale ndi Taiwan umene unayamba mu 1966, ndi kugwirana chanza ndi China. Potsatapo tinaona Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, mseu wa Karonga kunka ku Chitipa, sukulu yaikulu ya ku Ndata ku Thyolo, ndi bwalo la masewera la Bingu. Zina mwa mphatso, zina mwa ngongole. India naye anakongoza ndalama zokokera madzi a ku Likhubula ku Mulanje kufikira ku Blantyre. Sitinyoza zimenezi, pakuti mseu ndi mseu, ndi madzi ndi madzi. Koma akale anati kupatsa nkuika. Maiko amenewa ali ndi mafakitale ofuna malasha, mkuwa ndi miyala ina yosowa, ndipo kampani ya ku China inalandira kale chilolezo chokumba mchenga wa miyala yotere ku Makanjira. Nanga ndani mwa ife angatiuze molunjika kuti mphatso ndi iti, ngongole ndi iti, ndipo adzabweza ndani?

Taonani zimene zinagwera abale athu a ku Tete, amene ambiri a iwo alankhula chinenero chathu chomwechi. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapata malasha a ku Moatize, ndipo mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri a iwo kunka ku Cateme, kumene anadandaula za nthaka yosabala ndi kutalika kwa msika, kufikira anatseka njanji mu Januwale 2012. Vale inamanga njanji yopyola m'dziko lathu, kudzera ku Mwanza, Neno ndi Nkaya kunka ku Nacala. Koma mu 2022 inagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa Vulcan, ya eni ake a ku India. Mlendo ndi mame: anachoka, koma mapangano anatsala, ndi anthu a ku Cateme anatsala.

Ndipo tisayese kuti vuto liri pa mtundu wa mlendo. Ku Kayelekera ku Karonga anakumba yureniyamu ndi a Paladin a ku Australia kuyambira 2009. M'pangano la 2007 boma linatsitsa msonkho wa pa miyala kuchoka pa magawo 5 pa 100 kufika pa 1.5 m'zaka zoyamba, ndipo mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti dziko linataya madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi. Ndalama zimenezo sizinabedwa usiku. Zinatuluka masana, pa mzere wa mau amene anthu ochepa okha anawerenga.

Tsono wophunzira wathuyo achitanji zaka zonsezo? Aika mapangano a maiko osiyana pamodzi, naona kumene ena anapambana ndi kumene anagwa. Aphunzira Chipwitikizi kapena Chitchaina, kuti amve zimene alendo anena kwao, si zokhazo zimene anena pamaso pathu. Apita ku midzi ya osamutsidwa, nafunsa, nalemba. Ching Kwan Lee anatha zaka pa migodi ya mkuwa ya ku Zambia, ndipo m'buku lake la 2017 anaonetsa kuti makampani a boma la China, pofunitsitsa mkuwa weniweniwo koposa phindu lamsanga, anatha kugonjera zina zimene boma la Zambia linaumirira. Nzeru yotere ndiyo chida cha nduna pokambirana. Kwathu kuno Michael Chasukwa wa ku Zomba ndi Dan Banik wa ku Oslo analemba za thandizo la China m'Malawi. Koma antchito otere achepa, ndipo migodi ya ku Kasiya, Kangankunde ndi Songwe siidzayembekeza kuti achuluke.

Ena adzatiyankha kuti ophunzira otere alipidwa ndi ndalama za kunja, alemba m'Chingerezi chovuta, ndipo ena sabwerako. Mau awa ali ndi choonadi, koma mlandu wake uli pa ife tonse. Dziko losafuna kulipira mlonda wake lisadabwe pomuona ali kulonda munda wa wina. Ndipo inu ophunzira, mverani: nzeru yotsekeredwa m'mabuku a ku London siithandiza mfumu ya ku Makanjira. Lembaninso m'Chichewa, lankhulani pa wailesi, khalani pa bwalo ndi mafumu. Lamulo la 2017 lopatsa anthu ufulu wofunsa za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma munthu afunsa bwanji chimene sadziwa dzina lake?

Chifukwa chake, makolo anzathu, mwana wanu akasankha njira imeneyi musamlefule ndi mau, kapena kumuyerekeza ndi mnzake wa galimoto. Mufunseni zimene wapeza, ndipo mumuumirize kuti azifotokoze m'mau omveka kwa agogo ake. Mapangano amene asainidwa m'masiku athu adzamanga ana osabadwa, monga aja a 1892 anamanga agogo athu. Kusiyana kwake nkwakuti ife tiri ndi ana otha kuwerenga, ngati tiwalola.