SSD Njolimba, Koma Imafa Osadwala

Laputopu tsopano yafika kumudzi. Aphunzitsi alembamo mayeso a ana, alembi a makopaletivu asungamo maina a acikumbe ndi matumba a fetereza amene ali yense analandira, ndipo m'zipatala zazing'ono namonso nchito yambiri iri pa kompyuta. Makina ambiri otere anagulidwa ogwirapo kale nchito, ku Lusaka kapena ku Chipata, ndipo wogulitsa pokometsa malonda ace amati, "Iyi iri ndi SSD, siifa ai." Mau amenewa tiyenera kuwayesa bwino, cifukwa theka lace ndi loona, koma theka linalo lalizitsa kale anthu.

Tiyambe ndi coona. M'kompyuta iri yonse muli nkhokwe yosungiramo zolembedwa. Nkhokwe yakale, yochedwa hard disk, iri ngati mbale ya galamafoni: mbale izungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo kamkono kayenda pamwamba pace kuwerenga ndi kulemba. Laputopu ikagwa mbale iri kuzungulira, kamkono kakhoza kuikanda, zolembedwa n'kuonongeka. SSD iribe mbale, iribe kanthu kali konse koyenda. Muli timapale takuda tokhala ndi tizipinda tosawerengeka, monga zisa za njuci, ndipo zolembedwa zisungidwa ngati mphamvu ya magetsi yotsekeredwa m'tizipindamo. Nzeru imeneyi inacokera kwa Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba ku Japan, m'zaka za m'ma 1980. Kwa ife onyamula laputopu pa njinga ndi pa lole m'miseu ya maenje, SSD iposa disiki yakale kutali.

Ena aopa kuti tizipindato timatha. Nzoona, kulemba ndi kufafaniza kumatidya pang'ono pang'ono, koma mantha awa ngopitirira. Samsung 870 EVO ya magigabaiti 500, eni ace analonjeza kuti ipirira kulembedwa materabaiti 300, ndipo terabaiti imodzi ndi magigabaiti 1,000. Munthu wolemba magigabaiti 20 tsiku liri lonse, cimene mphunzitsi sacita, angatenge zaka zoposa 40 kuti afike pamenepo. Kuyambira mu 2013 mpaka 2015 a The Tech Report anazunza ma SSD asanu ndi imodzi, kuwalemba usiku ndi usana kufikira atafa. Yoyamba inafa itapitirira materabaiti 700, ndipo yotsiriza inapitirira 2,000.

Nanga imafa ndi ciani? M'kati mwace muli kacipangizo kamodzi kamene tingakache kapitao. Ndiye yekha adziwa cipinda cimene cinthu ciri conse cinaikidwa, ndipo asunga kaundula wa zonse. Kapitaoyo akafa, kapena kaundula wace akasokonezeka, cimanga cikhala cikali m'nkhokwe koma palibe wodziwa khomo. Zotere zinagwera ndi makampani akulu omwe. Mu 2011 ma SSD ena a Intel 320, magetsi akazima mwadzidzidzi, anali kuuka akuonetsa kuti ali ndi malo a mamegabaiti 8 okha, zonse zitasowa. Mu 2012 a Crucial m4 anayamba kuimitsa kompyuta ora liri lonse atakwanitsa maora 5,184 a nchito, mpaka eni ace anatulutsa malangizo atsopano a kapitaoyo.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga. Disiki yakale kawirikawiri inali kudwala poyamba monga ng'ombe yokalamba: inali kulira "ke, ke, ke", kucedwa, kukana lero n'kubvomera mawa, motero wanzeru anali kupeza mpata wopulumutsa zace. SSD nthawi zambiri siipereka mpata wotere. Madzulo igwira bwino, m'mawa kompyuta ingolemba kuti siipeza poyambira. Kulimba kwaceko ndiko kumagonetsa anthu tulo.

Mdani wace wamkulu kwathu kuno ndi kuzima kwa magetsi pamene iri kulemba. Laputopu ya batire wabwino siimva kanthu magetsi akapita, koma zambiri zogula zakale batire wace anafa kale, ndipo zizima pompo. Tikumbukira mu 2024, cilala citacepetsa madzi m'Kariba, mmene magetsi anali kusowera maora ambiri pa tsiku. Amene ali ndi ndalama pang'ono ayambe wagula batire, cikwama cokongola cidikire. Mdani waciwiri ndi kutentha pamodzi ndi kugona nthawi yaitali. Muyezo wa bungwe la JEDEC uti SSD imene yatha mphamvu zace isunge zolembedwa caka cimodzi iri yozima, pa kutentha kwa madigiri 30. Yatsopano isunga nthawi yoposa apo, koma laputopu yakale yotsekeredwa m'kabati ku cigwa ca Luangwa, kumene October apitirira madigiri amenewo, si malo osungiramo cuma ca sukulu.

Tsono ikakana kuyaka, musathamangire kunena kuti disiki yafa. Poyatsa, dinizani batani lotsegula BIOS, limene pa makina ambiri ndi F2 kapena F10, muone ngati dzina la disiki lioneka. Likaoneka, kawirikawiri cabvuta ndi Windows, ndipo wokonza akhoza kucotsa disikiyo, kuilumikiza ku kompyuta ina ndi kutengamo zanu zonse. Likapanda kuoneka, mwina yangosukusika, pakuti SSD ya mtundu wa M.2 njaing'ono ngati cala ndipo igwidwa ndi kamsomali kopota kamodzi kokha. Kuicotsa ndi kuibwezera bwino kwaukitsa makina amene eni ace anali atawalira kale. Ngati ilola kuwerenga koma ikana kulemba catsopano, dziwani kuti yadzitseka yokha pofuna kuteteza zimene ziri m'kati. Kopani zonse tsiku lomwelo.

Ndipo popereka laputopu kwa wokonza, nenani momveka, ngakhale kawiri, kuti asafafanize kanthu asanakope. Anyamata ena a m'tauni mankhwala ao ndi amodzi pa nthenda iri yonse, ndiwo kufafaniza zonse ndi kuikamo Windows watsopano. Pa disiki yakale zofafanizidwa zinali kupezekanso nthawi zina. Pa SSD pali lamulo lochedwa TRIM limene lisesa tizipinda tofafanizidwa posacedwa, ndipo cikasesedwa capita. Ogula nawonso apemphe wogulitsa atsegule CrystalDiskInfo, pulogramu yaulere imene ionetsa maora amene disiki yagwira ndi moyo umene watsala. Wokana kuonetsa, musiyeni ndi katundu wace.

Koma ngakhale pulogramuyo inene kuti zonse ziri bwino, kapitao akhoza kugwa mawa. Cifukwa cace ndipempha akomiti a masukulu ndi a makopaletivu kuti pa ndalama za caka apatule yogulira fulashi ziwiri, kapena disiki yolumikiza kunja. Lacisanu liri lonse mlembi akope nchito ya mlungu umenewo, ndipo fulashi imodzi isagone m'cikwama ca laputopu, cifukwa mbala ndi mvula zitenga zonse pamodzi. Pa msonkhano wa komiti, apampando apemphe kuti fulashiyo itsegulidwe pa kompyuta ina anthu akuona. Mndandanda wa acikumbe ndi matumba ao usindikizidwenso pa pepala, usainidwe, ukasungidwe kwa msungicuma.