Mphaka wa aneba si chifukwa chogulira temeki

Mwezi watha, nditangobwera ku swala ya Fajr, ndinapeza usipa wa pakona ya thandala langa utamwazika pansi, ndipo nazale ya tomato kuseli kwa khitchini inali yofukulidwafukulidwa. Mphaka wathu, amene timamusunga chifukwa cha makoswe a m'nkhokwe, anali atabisala pansi pa bedi, khutu likuchucha magazi. Wopalamula ndinkamudziwa: chimphaka chachimuna chakuda cha aneba athu a kumtunda. Mnyamata wanga wamkulu sanachedwe. "Ababa, ingogulani temeki timuthire m'mutu wa kampango, nkhani ithe lero lomwe."

Ndinakana, ngakhale mtima unali ukuwira. Ndikudziwa kuti ambiri kuno kunyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, akanachita zomwe mwanayo ananena, ndipo ndikuona kuti akulakwitsa.

Temeki sasankha. Mutu wa nsomba umene mwatchera mphaka wa eni akhoza kuutola bakha wanu, nkhuku za amayi akunyumba, mphaka wanu yemwe, kapena mdzukulu wokwawa amene chilichonse amaponya mkamwa. Komanso taganizani: poizoni pafupi ndi thandala la nsomba zogulitsa! Mbiri ikangomveka padoko kuti kwa auje amatchera temeki pomwe amayanika usipa, ogula ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe adzalambalala thandala lanu, mwinanso la anzanu oyandikana nanu.

Kwa ife Asilamu pali china cholemera kuposa malonda. Mu Hadith za Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya mayi amene analowa ku Moto chifukwa cha mphaka: anamutsekera osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzisakire yekha, mpaka anafa. Ngati kutsekera kunafikitsa munthu kumeneko, nanga kupha ndi mankhwala oti nyama imafa ikuphupha ndi kutuluka thovu? Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anatiphunzitsa kuti mphaka si najisi, ndi nyama yozungulira pakati pathu m'nyumba. Swahaba amene anasimba Hadith zochuluka kuposa onse timamudziwa ndi dzina loti Abu Hurairah, ndipo dzinalo linachokera pa kamphaka kamene ankayenda nako.

Koma kunena zoona, mkangano wa mphaka sukhala wa mphaka nthawi yaitali. Umasanduka wa anthu. Mukapha chiweto cha aneba, adzadziwa, chifukwa pamudzi palibe chobisika, ndipo mawa bwato lanu likadzafuna anthu olikokera kumtunda mudzaona amene akuyang'ana kumbali. Choopsa kwambiri n'choti mphaka wakuda woyenda usiku anthu sachedwa kumupatsa dzina lina. "Ameneyu si mphaka wamba, wachita kutumidwa." Mawu amenewa akatuluka mkamwa, ndiye kuti mwanena mnzanu kuti ndi mfiti, ndipo kawirikawiri amene amalozedwa chala ndi agogo okhala okha. Uku ndi kunamizira munthu, tchimo lalikulu, komanso ndi mlandu pa lamulo la dziko lino la za ufiti la 1911. Jibril ankamulangiza Mtumiki za neba mobwerezabwereza mpaka Mtumikiyo anaganiza kuti neba adzapatsidwa gawo pa chuma cha masiye. Ife tikufuna kutaya munthu wotereyu chifukwa cha usipa wodzaza mbale imodzi?

Mphaka wachilendo amabwera makamaka pa zifukwa ziwiri, chakudya ndi akazi. Pa choyambacho olakwa ndife tomwe. Timataya matumbo a nsomba kuseli kwa nyumba, timasiya mbale ya mphaka wathu panja usiku wonse, kenako n'kumadabwa kuti alendo achuluka. Ine ndinayamba kukwirira matumbo m'dzenje la manyowa, ndipo wathu amadyera m'nyumba kukamada. Thandala ndinalifunditsa ukonde wakale umene unkangowola pansi pa mtengo wa mango, miyendo yake n'kuikulunga zidutswa za malata kuti zikhadabo ziziterereka. Pa nazale ndinayala nthambi za minga, poti mphaka amakonda dothi lofewa pochita chimbudzi. Akaonekera masana timamuwaza madzi. Sapweteka, koma amakumbukira.

Nkhani ya akazi ndi imene imabweretsa ndewu ndi kulira kwa usiku kuja. Mphaka wamwamuna wosathena amayenda kutali, amakodzera makoma posonyeza kuti dera ndi lake, ndipo amamenya aliyense amene wamupeza. Akathenedwa zambiri mwa izi zimachepa. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu, osati kuchita nokha ndi lumo, ndipo mufunsenso za katemera wa chiwewe, chifukwa matendawa sagwira agalu okha.

Tsono eni amphaka oyendayendawa nawonso asabisale kumbuyo kwa mawu oti "mphaka alibe malire". Malire alibedi, koma ali ndi mwini. Ngati mumasunga mphaka osamupatsa ngakhale kamutu ka utaka, mukuyembekeza kuti adya kwa yani? Akaononga nsomba za mnzanu, pepesani ndipo bwezani, musadikire kuti nkhani ifike kwa shehe kapena kwa amfumu. Kumeneko n'kopita pokhapokha kukambirana kwakanika.

Ine ndinapita kwa aneba aja titatuluka ku Jumu'ah, osati m'mawa uja ndili ndi ukali. Ndinati, "Achimwene, mphaka wanu uja watiyendera, ndipo sanabwere ndi salamu." Anaseka, kenako anachita manyazi. Zinapezeka kuti amayi akunyumba kwawo anali kuchipatala kudikirira wodwala kwa sabata ziwiri, ndipo panalibe amene ankakumbuka zopatsa mphakayo chakudya. Madzulo ake anatumiza mwana ndi mbande za tomato zolowa m'malo mwa zofukulidwa zija. Za kuthena sitinagwirizanebe, akuti aganizire kaye. Chimphakacho chimabwerabe mwa apo ndi apo, chimakhala pampanda n'kumayang'ana ukonde uli pathandala, wathu ali pakhonde naye akuchiyang'ana.