MLANDU SI WA CHISANU

Pakati pa mwezi wa January m'chaka cha 2024, mzinda wa Chicago m'dziko la America unagwidwa ndi chisanu choopsa chopitirira madigiri 20 kutsika pansi pa ziro. Pa malo otchajira magalimoto oyendera magetsi a kampani ya Tesla, monga a ku Oak Brook, panali mizere ya anthu amene anadikira maola ambiri akunjenjemera, ndipo magalimoto ena anathera moto pamzere pomwepo mpaka kuchita kukokedwa. Zimenezi zinachitika m'tauni yaikulu, momwe wokoka galimoto ndiponso nyumba yofunda zili pafupi. Tsono munthu wanzeru ayenera kufunsa: nanga mlimi wa ku North Dakota, Montana, Wyoming kapena Saskatchewan ku Canada, amene anagula pikapu yamagetsi ndipo amakhala kutali ndi tauni, akuona zotani chisanu chikafika madigiri 30 pansi pa ziro?

Anthu ogulitsa magalimotowa ali ndi yankho limodzi lomwe amalikonda kwambiri. Iwo amati vuto ndi nyengo. Yankho limeneli ndi lothawa mlandu, ndipo liyenera kukanidwa mosapsatira mawu. Chisanu cha kumpoto kwa America sichinayambe dzulo. Chimabwera chaka ndi chaka pa nthawi yake, ndipo sichinalonjeze munthu aliyense kuti chidzaleka. Amene analonjeza ndi makampani pamodzi ndi akuluakulu a ndale, ndipo mlandu uli pa iwo.

Nkofunika kufotokoza chimene chimachitika m'kati mwa batire, popeza bodza limakula bwino pamene anthu sakudziwa. Batire ya magalimotowa imagwira ntchito ndi lithium, amene amayenda m'timadzi ta m'kati kuchoka mbali ina kupita mbali ina. Kukazizira, kuyendako kumachedwa. Munthu akaumiriza moto wambiri m'batire yozizira kwambiri, lithium uja m'malo molowa m'malo mwake amaundana pamwamba ngati chitsulo, ndipo batire imaonongeka osachiranso. Kaamba ka ichi, kompyuta ya m'galimoto imachepetsa dala moto wolowa mpaka batire itafunda. Motero dalaivala amaima pa tchaja yamphamvu, koma galimoto yake nkumamwa pang'onopang'ono ngati mwana wodwala.

Chachiwiri ndi ichi. Injini ya petulo kapena dizilo imataya mbali yaikulu ya mphamvu yake monga kutentha, ndipo kutentha kotayikako ndiko kumafunditsa anthu m'galimoto kwaulere. Galimoto yamagetsi ilibe ng'anjo yotereyi. Kutentha kulikonse kumene dalaivala akufuna kumachokera m'batire yomweyo imene ikuyendetsa mawilo. Choncho iye amakakamizika kusankha pakati pa kufunda ndi kufika.

Zonsezi zinali zodziwika kale pikapu yamagetsi isanafike pa msika. M'chaka cha 2018, akatswiri a ku Idaho National Laboratory, omwe ndi a Boma la America, anapeza kuti pa ziro digiri, batire yotchajidwa kwa mphindi 30 inkalandira moto wochepera ndi 36 pa 100 poyerekeza ndi tsiku la madigiri 25. M'chaka cha 2019, bungwe la oyendetsa magalimoto la AAA linayesa magalimoto asanu ndipo linapeza kuti pa madigiri 7 pansi pa ziro, chotenthetsera chikuyaka, mtunda umene galimoto imayenda unkatsika ndi 41 pa 100. Palibe mkulu wa kampani amene angaime pamaso pa anthu nkunena kuti chisanu chinamudzidzimutsa.

Komabe m'mwezi wa May 2021 kampani ya Ford inaonetsa pikapu yake ya F-150 Lightning ndi mwambo waukulu, ndipo Pulezidenti Joe Biden anaiyendetsa yekha ku Dearborn m'chigawo cha Michigan. Anthu pafupifupi 200,000 analembetsa maina. Kupanga kunayamba mu April 2022. Ogula anauzidwa kuti ya batire yaing'ono imayenda makilomita pafupifupi 370, pamene ya batire yaikulu imafika 515. Chiwerengero chinali chimodzi, cholembedwa ndi zilembo zazikulu. Cha m'nyengo yachisanu panalibe, ndipo cha pokoka katundu panalibenso. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pikapu si galimoto yokaonetsera ku ukwati. Mlimi amaigula kuti akokere ngolo ya ng'ombe, udzu wa ziweto, mafuta a thirakitala ndi zipangizo za mpanda. Magazini ya Car and Driver itayesa Lightning ya batire yaikulu m'chaka cha 2022, ikukoka ngolo yolemera makilogalamu pafupifupi 2,800 pa liwiro la msewu waukulu, inayenda makilomita 160 okha. Kuyesako sikunachitike m'chipale chofewa ayi. Tsono pa makilomita 160 amenewo achotsepo gawo la chisanu, achotsepo gawo la mphepo ya m'zigwa zimenezo, ndipo aliyense wodziwa masamu a ku pulayimale aona chimene chatsala. Akafika pa tchaja, mlimi uja amapezanso kuti malo ambiri anamangidwa ngati poimika galimoto za m'tauni, kotero ayenera kumasula ngolo yake m'chisanu choluma zala asanalumikize waya.

Ena amati atchajire kunyumba. Soketi wamba ya m'nyumba za ku America ndi ya 120 volts, ndipo kudzaza batire yaikulu ya Lightning kudzera m'soketi yotereyi kumatenga masiku pafupifupi anayi kunja kuli kofunda. Kukazizira, gawo la moto wochepawo limathera pa kufunditsa batire. Tchaja yamphamvu ya 240 volts imathetsa ntchitoyi usiku umodzi, koma imafuna ndalama zina, mmisiri wa magetsi, ndipo kawirikawiri mawaya atsopano m'nyumba zakale za kumafamu. Malangizo amene Ford inapereka kwa ogula ake anali akuti aziimika galimoto m'galaja, aziisiya yolumikizidwa ku magetsi, aziifunditsa asananyamuke, ndiponso azidalira zotenthetsera mipando m'malo mofunditsa m'galimoto monse. Malangizowa ndi oona, koma ndi a munthu wa m'tauni amene amanyamuka pa ola lodziwika kupita ku ofesi. Ng'ombe yovutika pobereka pakati pa usiku siyembekeza kuti batire ifunde. Ndiponso nzomvetsa chisoni kuti chipangizo chofunditsira chosamwa moto wambiri, chotchedwa heat pump, chinayamba kuikidwa m'mapikapuwa a chaka cha 2024, ogula oyamba atapereka kale ndalama zawo.

Boma la America nalonso silingasambe m'manja. Lamulo la 2021 linapatula madola 7.5 biliyoni omangira malo otchajira, ndipo cholinga chinali chakuti m'misewu ikuluikulu mukhale tchaja pa makilomita 80 aliwonse. Malo oyamba omangidwa ndi ndalama za ndondomekoyi anatsegulidwa mu December 2023 ku Ohio, patatha zaka ziwiri, pamene mapikapu anali atagulitsidwa kale. Komanso msewu waukulu si kumene mlimi amakhala. Ndiye mu February 2025 Boma la Pulezidenti Donald Trump linaimitsa ndondomekoyi, nkhani inapita ku khoti, ndipo pa 30 September 2025 thandizo la msonkho la madola 7,500 kwa ogula linatha. Boma lina linakankha galimoto tchaja kulibe, lina linabwera nkuimitsa matchaja galimoto zili kale pa msewu. Pakati pa awiriwa panatsala mlimi ndi ngongole yake ya ku banki.

Umboni woposa wonse unachokera kwa mwini wake. Mu August 2023 mkulu wa Ford, Jim Farley, anayenda ulendo wautali pa Lightning kuchokera ku California, ndipo anavomera poyera kuti kutchaja panjira kunali kovuta. Imeneyo inali nyengo yotentha, m'chigawo chomwe chili ndi matchaja ambiri koposa zigawo zonse za dzikolo. Mu December 2025 Ford inalengeza kuti yaleka kupanga Lightning yoyendera batire yokha, kuti yotsatira idzakhala ndi injini ya petulo yotchajira batire panjira, ndiponso kuti kusintha kwa mapulani ake a magalimoto amagetsi kudzaidyera madola 19.5 biliyoni. Kampani ili ndi mabuku olembamo zotayika zake. Mlimi amene anaikhulupirira alibe buku lotere.

Pano nkoyenera kuchenjeza gulu lina, la anthu amene akuomba m'manja nkumati galimoto yamagetsi yafa ndipo chisanu chaipha. Amenewanso akusocheretsa anthu. Dizilo nayenso amaundana kukazizira kwambiri, ndipo alimi a ku Canada akhala akulumikiza injini zawo ku magetsi usiku kwa zaka zambiri kuti zilire m'mawa. Dziko la Norway, lomwe mbali yake ili m'dera lozizira la Arctic, linagulitsa magalimoto amagetsi pafupifupi 89 pa magalimoto atsopano 100 aliwonse m'chaka cha 2024. Nzoona kuti ambiri mwa amenewo ndi magalimoto a banja osati okoka ng'ombe, koma phunziro lake ndi loonekeratu. Boma la Norway linathandiza kumanga matchaja othamanga pa makilomita 50 aliwonse m'misewu yake ikuluikulu, ndipo bungwe la oyendetsa magalimoto la NAF limayesa magalimoto m'chisanu chaka ndi chaka, kuwayendetsa mpaka ataima, nkusindikiza zotsatira kuti wogula adziwe zoona. 

Chodabwitsa nchakuti America inalidziwa kale phunziro limeneli. Cha m'ma 1935, mafamu pafupifupi 10 okha pa 100 ndiwo anali ndi magetsi, chifukwa makampani ankati kukoka waya kupita kumidzi kulibe phindu. Pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazikitsa Rural Electrification Administration m'chaka chimenecho, lamulo lake linatsatira mu 1936, ndipo alimi anapanga makopaletivi nkudzikokera okha mawaya ndi ngongole za Boma. Panalibe amene anauza mlimi kuti agule firiji mitengo ya magetsi isanadzalidwe. Adzukulu a anthu amenewo aiwala nzeru za makolo awo.

Chofunika kuchitika sichovuta kuchimva. Wogulitsa pikapu yamagetsi akakamizidwe ndi lamulo kulemba ziwerengero zitatu: mtunda wa tsiku lofunda, mtunda wa tsiku lachisanu, ndi mtunda wa pokoka katundu. Matchaja amangidwe m'matauni ang'onoang'ono kumene alimi amagulitsa ziweto ndi mbewu zawo, akhale olowa ndi ngolo, ndipo pakhale munthu woyankha akafa. Kufikira zimenezi zitachitika, mlimi wokana kugula asanyozedwe kuti ndi wotsalira, pakuti iye wawerenga bwino kuposa olemba malonda.

Dziko la Malawi lilibe chisanu chotere, ndipo kuzizira kwa June ku Dedza kapena pa Nyika sikungaimitse batire. Koma onse amene amakhala m'makomiti ogula katundu wa Boma, tsiku limene wamalonda adzafike ndi kabuku konyezimira ka galimoto yamagetsi, ayenera kukumbukira mlimi wa ku North Dakota. Amufunse kuti chiwerengero chakecho chinayesedwa pa msewu wotani ndi katundu wolemera bwanji, kuti galimotoyo ikatchajidwa kuti ikafika ku Chitipa kapena ku Nsanje, ndiponso kuti adzaikonza ndani. Safunsa anadya phula, ndipo ndalama zogulira galimoto za Boma ndi thukuta la anthu a kumudzi.